Nkhata Imene Tinaipeza M'tsindwi

Amayi, kodi kumeneko mukupezako bwanji?

Ndine Sisiliya, mwana wanu wachisamba, uja munkati anabadwa ndi lumo palilime. Lumolo silinabunthe, musade nkhawa. Chiikireni maliro anu sindinakuyankhuleni, ngakhale kumanda sindinapiteko kukazula udzu. Anthu akuti ndi chisoni. Si chisoni ayi. Ndinali nditakukwiyirani, koma osadziwa chimene ndakwiyira. Tsopano ndachidziwa. Komabe inu munkati mlendo sayamba ndi mlandu asanamwe madzi, ndiye ndiyambe ndi za pakhomo.

Kachewere wa munda wakumtunda wabereka bwino, ngakhale chiwawu chinapsereza mizere ya kumunsi kuja munkati tisamadzaleko. Tinadzalako. Munanena zoona, sangalalani. Nyemba zinavunda ndi mvula ya kumapeto, tangopeza za ndiwo ndi za mbewu. Tirigu sitinafese, ndinalibe mphamvu zolimbana ndi mbalame ndili ndekha. Mtengo wa pichesi wa kuseri uja unagwa ndi mphepo, ndipo ndinaudula nkhuni osaulirira, chifukwa zipatso zake zinkangodyedwa ndi ana a eni. Mbuzi yanu yamawanga yaswa mapasa. Alongo anu, amalume a Ngozo, akhala akubwerabwera, akuti kudzazonda ana amasiye. Amafikira kukhola. Ana amasiye amene akuwasowetsa tulo ndi a miyendo inayi.

Amayi a kumpingo amabwerabe kudzapemphera nafe. Amakutchulani ngati munali mngelo wobwereka: Nangozo sanajombepo ku Misa, Nangozo sanakwezepo mawu, Nangozo duku lake silinapendekepo. Ine ndimangoti ameni. Sindiwauza kuti kwaya yawo munkaitcha achule a m'dambo, kapena kuti mukatseka chitseko munkawayeseza mmodzimmodzi mpaka ife kugubuduka ndi kuseka.

Nkhani yokoma ndi iyi. Mng'ono wanga Rozina wachira, mwana wamkazi, wonenepa, wa zala zazitali ngati zanu. Dzina lake ndi Tamanda. Alamu a Pitala anabwera kuchokera ku Joni kudzamuona, anakhala masiku ochepa, nabwerera. Ndi momwenso ankachitira abambo. Amuna a mudzi uno amabwera kudzasiya mabulangete ndi mimba, kwinako tizionera tokha.

Madzi ndamwa. Tsopano mlandu.

Mvula itatha tinasasula denga la khitchini, lija munkakana kuti munthu aligwire ngakhale linkadontha pamafuwa penipeni. Pochotsa udzu wakale, pakati pa phaso ndi khoma panagwa nkhata. Sinali ya udzu kapena ya masamba a nthochi, imene munthu amapota kumjigo nkuitaya madzulo. Inali ya chitenje, yopotedwa molimba, yomangidwa ndi luzi, yakuda ndi mwaye, youma gwa ngati thabwa. Mbali imodzi inali yolowa, ngati panakhala chinthu cha ngodya kwa nthawi yaitali. Ine ndinati tiitaye kudzala. Rozina mukumudziwa, sataya ngakhale chitini chobooka. Anaikuntha pabondo nati, "Ndi ya Amayi iyi, achemwali. Ndizisenzera ine." Anali atangotuluka kumene m'chikuta, ndipo ndinakondwa kuti wapeza kanthu kanu kogwira.

Tsiku loyamba kuisenzera, ine ndinali pakhonde kusankha nyemba, mwana ali gone pamphasa. Dzuwa linali pamutu koma losaoneka, chifunga cha mwezi wozizira chitakuta phiri monga chimachitira kuno. Rozina anatulukira njira ya kumjigo, ndowa pamutu. Anafika pabwalo, nadutsa. Anadutsa khonde, anadutsa nkhokwe, osacheuka.

"Iwe Rozina! Nyumba yasamuka?"

Sanayankhe. Chimene chinandichititsa tsemwe si kusayankhako, koma mayendedwe. Rozina amayenda motayirira, mapazi kunja ngati bakha, inu nomwe munkamuseka. Tsiku limenelo ankaponda phazi patsogolo pa linzake, mzere umodzi, mofulumira, maso ali pansi ngati pali zidendene za munthu zimene akuzitsatira. Patsogolo pake panalibe munthu.

Ndinamupeza pamsewu waukulu, paja ukangodumpha ngalande uli ku Mozambiki. Madzi m'ndowa sanatayike ngakhale dontho. Nditamugwira mkono ananong'ona osatembenuza khosi, "Musandiimitse. Woima amatsala."

"Amatsala kuti, chitsiru iwe? Mwana wamusiyira ndani?"

"Tsitsani mawu. Akumva."

Ndinakankha ndowa, madzi nkutikhuthukira tonse. Nkhata itagwa pansi anaphethira, nayang'ana uku ndi uku, nandifunsa chimene ndamubweretsera kumsewu madzi ali thupi lonse.

Ndinaibisa pamwamba pa nkhokwe. Mawa lake inali pamutu pake. Ndinaitsekera m'sutikesi yanga ya kusukulu ija, kiyi ndinamangirira pansonga ya chitenje. Ndinapeza loko ataphwanyidwa ndi mwala, iye akulumbira pali Mulungu kuti sakudziwa kanthu. Ndiye ndinaiponya pamoto. Sinayake, Amayi. Inangofuka utsi wonunkha thukuta la munthu ndi mafuta a makina, ndipo Rozina, amene anali kudimba kutali, anakuwa kukuwa koti agalu a mudzi wonse anayankha. Ndinaiphula ndi dzanja langali, chipsera chilipo. Nditathamangira kudimba ndinamupeza ali chogwada pakati pa kabichi, atagwira paliwombo ndi manja onse.

Kuyambira pamenepo zinthu zinanka ziipiraipira. Dzuwa likafika pamutu ankadzuka, ndowa ilipo kaya palibe, nkuyamba ulendo wake. Anasiya kudya atakhala pansi. Ankadya choimirira, mothamanga, zina nkubisa m'chitenje, ndipo pochapa ndinkapeza mbatata zophika zitaphwanyikira m'nsalu. Mawere anayamba kuuma. Tsiku lina Tamanda akulira, kulirako kunaduka mwadzidzidzi. Ndinalowa m'nyumba nkupeza Rozina atamutseka pakamwa ndi chikhatho, milomo ya mwana itayamba kuda, mayi wake akuyang'ana kukhomo ndi maso a munthu womvetsera mapazi. Ndinamumenya mbama mng'ono wanga, ndinamulanda mwana. Chiyambire tsiku limenelo Tamanda ndinkamubereka ine, nkumangomupereka poyamwa, nditaima pomwepo ngati mlonda.

Kenako tsitsi la pamutu pake linayamba kuthothoka mozungulira, kusiya dazi looneka ngati mphete. Mpheteyo ndinaizindikira. Ndinkaiona pamutu panu zaka zonse zimene ndinakusambitsani, khosi ndi msana zitakana ntchito. Ndinakufunsanipo kamodzi, inu munati, "Nkhuni ndi madzi, mwana iwe, mkazi aliyense ali nayo. Thira madzi, ndikuzizidwa." Ine ndaluka ndi kupesa mitu ya akazi ambiri osenza nkhuni ndi madzi. Sindinaionepo.

Kuchipatala anati ndi kuchepa kwa magazi ndi nkhawa za uchembere, natipatsa mapiritsi. Ndinafuna kwambiri kuti zikhale choncho. Mukudziwa kuti ine za mizimu ndinkaziseka, ndinkati ndi nthano za anthu oopa kufunsa mafunso. Amayi a kumpingo anapemphera mpaka mawu kusasa, Rozina ataima pakati pawo ngati mzati, mapazi okha akupondaponda pamalo amodzi. Pomaliza ndinaonetsa nkhata ija kwa amalume. Munthu uja anatuwa ngati wagwa m'phulusa.

"Waitenga kuti?"

"M'tsindwi mwa alongo anu. Mukuidziwa?"

"Za akazi ine sindizidziwa. Kaikwirire kutali, usauze munthu."

"Ndikaikwirira, Rozina akaifukula ndi zikhadabo. Ndi ya yani, amalume?"

Anadzuka, natola chipewa. Ali pakhomo anang'ung'udza okha, "Nkhalamba ya ku Kasinje ija ndi miyambo yake yopusa."

Pamenepo ndinakumbukira. Pa maliro anu panali mayi wina wokalamba, wamfupi, amene sanalowe m'nyumba ya siwa, sanaimbe nawo, anangoima kumapeto kwa bwalo. Tikuchoka kumanda anandikoka chitenje nandifunsa, "Kodi munamutula?" Ine ndinayesa ndi ukalamba, ndinati zikomo agogo, nkupitirira. Nditafunsafunsa, anthu anati ndi a Namoyo, kale anali a mudzi uno, tsopano amakhala kwa mwana wawo kuchigwa.

Ndinatsikira ku Kasinje pa njinga yamoto, Rozina ndi mwana nditawasiya m'manja mwa amayi a kumpingo, nditawalumbiritsa kuti asamusiye yekha ndi khanda ngakhale kamphindi. Kuchigwa kunali kutentha, anthu akupuntha mpunga. A Namoyo ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akupeta.

"Ndiwe uja wa sukulu yosatha?" anatero ndisanakhale nkomwe pansi.

"Ndine ndemwe, agogo. Mbiri yanga yafika mpaka kuno kwa udzudzu?"

"Ee, pakamwa mpa mayi ako asanapite kutsidya. Tulutsa chimene chili m'chikwamacho, chikundinunkhira."

Nditaitulutsa sanaigwire. Anaika lichero pansi, namasula duku lawo, naweramitsa mutu kuti ndione. Mphete yomweyo, Amayi, yosalala ngati kunja kwa chikho.

Anandiuza zonse, ndipo ndikubwerezerani kuti mudziwe kuti ndikudziwa. Inali nthawi ija nkhondo ya kutsidya itafika povuta, kuno kuli njala, abambo ali zii ku Joni. Inu ndi a Namoyo ndi akazi ena munkadumpha ngalande ija ndi mchere ndi sopo, kukasinthanitsa ndi chimanga kwa anthu obisala m'mapiri. Amuna sankayerekeza, chifukwa akagwidwa ankaphedwa kapena kupatsidwa mfuti. Akazi ndiye munkapita, ndipo midzi ino inadya chimanga chimenecho osafunsa kumene chachokera. Tsiku lina munakumana ndi anyamata a m'tchire atangophwasula mudzi wina, ali ndi katundu wambiri wopanda omusenza. Anakugwirani nonse. Wina anamupatsa thumba la chimanga, wina malata. Inu anakupatsani mutu wa makina osokera. Munang'amba chitenje chimene munkandiberekera ine, nkupota nkhata muli chiyendere.

"Tinkaponda pamene waponda mnzako," anatero a Namoyo, "chifukwa pambali panali mabomba okwirira. Woima ankatsala. Usandifunse kutsala kwake. Wamwana wolira ankadziwa chochita ndi dzanja lake." Anatola kamwala mumpunga, nakataya. "Tinachoka kumudzi kukuzizira, tinadzathawako ndi mvula yoyamba. Makina aja mayi ako anayenda nawo msasa ndi msasa. Mkulu wa anyamatawo ankati adzakampatsa mkazi wake nkhondo ikadzatha. Tsiku lina ine miyendo inatupa, ndinayamba kudzandira. Mayi ako anasanjika kathumba kanga pamwamba pa makina, nanditukwana njira yonse kuti ndisagone m'maso. Kutukwana kumene kuja ndiye ndili moyo."

Ine nthawi imeneyo ndinali kamwana. Ndinauzidwa kuti muli kuchipatala ku Nzama kudwazika azakhali. Ndimakumbukira tsiku munabwera, muli wowonda, milomo yosweka, duku mpaka m'maso. Ndinakuthamangirani kuti mundinyamule, inu munangondigwira paphewa nkundisuntha, ngati mukusuntha mpando. Ndinakula ndikudziwa kuti simunkandifuna. Yunifolomu yanga yonse ya ku pulayimale munkasoka pamanja, anzanga nkumandiseka, ndipo pa Tsangano mukamva telala akuponda makina munkawolokera mbali ina ya msewu. Ine ndinkati ndi kuumira.

Tsono a Namoyo anafika pa funso lawo lija. Akuti akazi obwerako kutchire sankalowa m'mudzi chilowelowe. Amayi akuluakulu a nthawi imeneyo anaona kuti munthu akubwera thupi lokha, mutu ukadali mumzere, ndiye anakonza mwambo wawo. Wobwerayo ankamubweza pamsewu paja masana dzuwa lili pamutu, nkumusenzetsa dengu lopanda kanthu pa nkhata yake ya kutchire, nkuyenda mpaka pakhomo pake mudzi wonse ukuona. Pakhomo mayi wamkulu ankamuitana ndi chiwongo chake, nkunena mokweza kumene anali ndi chimene anasenza, nkumuuza m'Chingoni cha makolo kuti buya ekhaya, bwerera kwanu. Akatero nkumutula dengu lija, nkhata nkuikwirira.

"Ife anatitula. Mayi ako anakana."

"Chifukwa?"

"Mlongo wake anali atafalitsa kale za azakhali odwala. Nanga bambo ako akanamva kuti mkazi wawo wagona m'misasa ya anyamata aja? Wanga anandisiya mwezi womwewo, anati sangadye za m'mbale yonyambita agalu." Anaseka, m'kamwa muli gwaa. "Koma ine ndimagona tulo, mwanawe. Khosi langa limatembenuka mbali zonse, taona."

Ndinawafunsa ngati wakufa amatulidwa. Anati amatulidwa, koma wina wa m'mimba mwake amusenzere. Rozina sangathe, walowa kale mumzere, sakumva za kuno. Nkhata ichoke pamutu pake kupita pamutu pa wina onse ali chiyendere, monga munkalandirirana kutchire, osaima, kuti anyamata aja asaone.

"Nanga ine ndikaisenza nkulephera kuima?"

"Zimenezo ukafunse mayi ako. Ine ntchito yanga nkutula."

Pobwerera ndinalira pa njinga ija mpaka woyendetsa anafunsa ngati kwagwa zovuta. Kunali kulira kwa ukali. Mukukumbukira tchuthi changa chomaliza ndili ku yunivesite? Tinkaphunzira za akazi a Chiigbo a ku Nigeria, amene pa nkhondo yapachiweniweni ya kwawo ankadutsa pakati pa mfuti kukasaka mchere ndi chakudya kuti ana asafe. Ndinalemba za iwo masamba ambirimbiri, ndinakuwerengerani pakhonde ndikumasulira m'Chichewa, ndikudzimva kuti ndabweretsa nzeru m'mudzi. Inu munkasenda kachewere. Nditamaliza munati, "Akazi amenewo anali ndi makosi olimba," nkundituma kumjigo. Chaka chotsatira khosi lanu linagonja. Ndinasiya sukulu kudzalisisita, ndipo ndinalisisita mpaka anzanga asanduka mabwana m'tauni, ine ndikumera imvi pakhonde panu. Zaka zonsezo zala zanga zinali pa chinthu chenichenicho, inu osandiuza. Mukanandiuza ndikanasiyabe sukulu, koma ndikanadziwa chimene ndikuisiyira. Chimenecho ndicho munandibera.

Amalume nditawauza zimene ndikufuna kuchita, anakhala ngati ndawathira tsabola m'maso.

"Ufuna kuvula mayi ako pagulu, munthu woti anaikidwa ndi ansembe? Sukulu yako yothera panjira ndi imeneyi?"

"Amene munawaveka bodza ndinu, amalume, ndipo lawathina mpaka m'manda. Chimanga cha kutsidya chija munkadya nawo kapena munkasala?"

"Ndinkateteza banja lake, mwana wopanda mwambo iwe. Ukanakula wopanda bambo."

"Ndinakula nawo? Ndionetseni pamene anakhala."

Ndinawauza kuti abwere kaya asabwere, Loweruka dzina la Nangozo litchulidwa pabwalo pano. Kenako ndinayenda khomo ndi khomo kuuza anthu ndi pakamwa panga pomwepa, kuti asadzamve kwa wina zothira mchere. Ena anagwira pakamwa. Ena anayang'ana pansi mofulumira kwambiri, ndipo ndinadziwa kuti amenewo ankadziwa kale, ankangokutamandani duku losapendeka.

A Namoyo anali atanena kuti ndisaisenze nkhata mpaka iwo atafika. Koma dzulo, Lachisanu, ndinangomutsitsa Tamanda kamphindi kuti ndiyanike matewera kuseri. Pobwera, pamphasa panalibe mwana. Pamene ndinkamupeza Rozina anali atadumpha kale ngalande, akulowera kanjira ka kumapiri a kutsidya, nkhata pamutu, mwana akulira kumsana, dzanja la mayi wake likupita kumbuyo kufunafuna kamwa. Sindikanadikira Loweruka. Ndinayenda pambali pake mpaka mapazi athu anagwirizana, ndinati chapansipansi, "Mnzanga, watopa. Ndikulandire." Sanacheuke, koma anapendeketsa mutu pang'ono kumbali yanga, ngati munthu wozolowera. Ndinaitenga, ndinaiika pamutu panga.

Amayi, makina aja ngolemera.

Ngodya yake yachitsulo inandilowa paliwombo, mafuta ake anandidzaza m'mphuno. Ndinamva mapazi patsogolo ndi pambuyo, ambiri, opanda nsapato, ndi kupuma kwa anthu oletsedwa kutsokomola. Kumbuyo kwenikweni wina ankaimba mluzu mosasamala, ngati mbusa wa ng'ombe. Miyendo yanga inayenda yokha. Ndinamva Rozina akuitana, "Achemwali! Achemwali!" ndi mawu ake enieni, koma khosi silinalole kucheuka. Ndiye ndinachita chimene ndimachidziwa. Ndinakukalipirani. Ndinati, "Nangozo, si lero! Mwadikira zaka zonsezi, mulephere kudikira mawa? A Namoyo akubwera. Tibwerere." Miyendo inapitirira pang'ono, kenako inaima. Mluzu uja unaleka. Ndinaima pamenepo ndikudikira chimene chimagwera woima, koma kunangodutsa kamphepo m'udzu. Pamenepo ndinadziwa kuti mumandimva, ndipo nchifukwa chake ndatenga pepala.

Rozina ndinamupeza atakhala m'mphepete mwa ngalande, miyendo tambalale, akuyamwitsa mwana uku akulira. Madzulo anadya atakhala pamphasa, napempha zina. M'mawa uno wadzuka akundinena kuti tewera lina ndaliyanika paminga, ndiye kuti munthu wabwerera.

Ine ndiye ayi. Nkhata ili m'dengu pakhonde, koma katundu sanachoke. Kalata ino ndikulemba choimirira, pepala nditalitsamiritsa kukhoma, chifukwa khosi likukana kuwerama. Mukhululuke zilembo zokhota.

A Namoyo afika kale, akumwa tiyi uku akunyoza kuzizira kwa kwathu kuno, akuti nchifukwa chake anthu ake ndife ouma mitima. Pabwalo anthu ayamba kusonkhana. Amalume akhala kuseri kwa nkhokwe, chipewa chili m'manja. Amayi a kumpingo abwera ambiri kuposa amene ndinawayembekeza, ndipo awiri mwa akuluakulu a kwaya abwera mitu ili pamtunda, opanda maduku. Angokhala kutsogolo, pamene aliyense angathe kuona pamitu pawo.

Dzuwa likangofika pamutu ndipita pamsewu paja kukayamba ulendo wanu. Ndikulonjeza kuti sindithamanga ndipo sindigwetsa. Ndiyenda mayendedwe anu mpaka pakhomo panu, ndipo zimene a Namoyo aiwale kunena ndinena ine: mchere, misasa, makina, zonse, mokweza kuti a kuseri kwa nkhokwe amve.

Koma ndili ndi pempho limodzi. A Namoyo ngafupi, ndipo manja awo sakwezekanso bwino. Ine ndine wamtali, ndinatengera inu. Akatambasula manja safika pa dengu pokhapokha wosenzayo atapinda mawondo. Ine ndikukudziwani, ndowa munkaitula nokha ngakhale pabwalo padzaze anthu, kuopa kupempha. Lero mukamva dzina lanu, Amayi, mupinde. Pang'ono pokha. Kwinako tikwanitsa ife.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale mwa ukali,

Sisiliya